Mboni za Kumapeto kwa Buku

Madzulo ano ndifuna kukamba za kanthu kamene ambiri a ife timakadumpha tikatenga buku la anthu ophunzira. Mukatsegula buku lotere ca kumapeto, mupeza masamba odzala ndi maina a anthu, zaka, ndi maina a mabuku ena, zonse m'tizilembo tating'ono. Mulibe nthano m'menemo, ndipo munthu wotopa ndi nchito ya usiku sangatayepo nthawi yace. Koma mwana wanu amene ali pa yunivesiti ku Lusaka kapena ku Kitwe angathe kubwezeredwa pepala lace kaamba ka masamba omwewo, ngakhale nkhani yace yonse anaikonza bwino. Cifukwa cace nkoyenera kuti inu olipira ndalama za sukulu mudziwe cimene ciri m'menemo.

Tiyambire ku bwalo la milandu. Munthu akaima pamaso pa mfumu nanena kuti munda uwu ngwa malume ace, mfumu siingobvomera ai. Imafunsa kuti, "Mboni zako ziri kuti?" Wolemba pepala la zofufuza ali monga munthu ameneyo. Pamene anena kanthu kamene sanakaone ndi maso ace, ayenera kuchula amene anamuuza, ndipo mndandanda wa kumapeto uja ndiwo mboni zace. Tsono mboni yopanda keyala siithandiza, pakuti mesenjala sangaipeze. Malamulo onse a kalembedwe ka mndandanda umenewu, ngakhale aoneka obvuta, colinga cace ncimodzi: kuti mlendo alowe m'laibulale iri yonse, napeze buku lomwelo ndi tsamba lomwelo.

Keyala imeneyi iyankha mafunso anai: analemba ndani, caka citi, dzina la colembedwaco nciani, ndipo anasindikiza ndani. Titenge citsanzo ca kwathu kuno. Bwana J. Clyde Mitchell, wa bungwe la Rhodes-Livingstone Institute, anapenyerera gule wa kalela amene anyamata a mtundu wa Abisa anali kubvina pa Sabata masana ku Luanshya, atabvala zaukhondo ngati makalaliki, nalemba kabuku ka gule ameneyo. Pa mndandanda kabukuko kalembedwa motere: Mitchell, J. C. 1956. The Kalela Dance. Manchester: Manchester University Press. Onani kuti dzina la makolo latsogola, maina ena afupikitsidwa kukhala zilembo zoyamba zokha, ndipo dzina la buku limapendeketsedwa, kapena kulembedwa mzere kunsi ngati mulemba ndi dzanja. M'kati mwa nkhani simubwereza zonsezi. Mungoika dzina, caka ndi nambala ya tsamba m'timizere tiwiri tokhota tija, ndipo wowerenga adziwa kumene angakafune zotsala.

Maina atsatana monga mwa alifabeti. Cotero Epstein, amene analemba za ndale za anthu a ku Luanshya mu 1958, atsogola. Pambuyo pace Mitchell. Kenaka mai Powdermaker ndi buku lao la Copper Town la 1962. Ndipo Godfrey Wilson, ngakhale ndiye anayamba onsewa kufufuza moyo wa m'tauni ya mgodi, akhala kumapeto cifukwa ca cilembo ca W. Pano ukulu suwerengedwa.

Nanga munthu mmodzi akatulutsa mabuku awiri m'caka cimodzi? Zinacitika kwa Mitchell yemweyo, pakuti mu 1956 anatulutsanso The Yao Village, buku la midzi ya Ayao. Wolemba "Mitchell 1956" cabe waitana mboni ziwiri ndi dzina limodzi. Mankhwala ace ngosabvuta: la kalela likhala 1956a, la Ayao 1956b. Ife a Cinyanja tiri ndi bvuto lina loposa pamenepa, ndilo la mfunda. Aphiri ndi Abanda ngosawerengeka. Pa olemba mbiri ya Malawi alipo D. D. Phiri, aliponso Kings M. Phiri, anthu awiri osiyana. Mwana wosiya zilembo zoyambazo wasokoneza nchito za akulu awiri.

Ngati nkhani inatuluka m'magazini ya ophunzira, muonjezepo dzina la magaziniyo, nambala yace, ndi masamba pamene nkhani iyambira ndi pamene ithera.

Kalembedwe aka ka dzina ndi caka amakacha Harvard, cifukwa mphunzitsi wina wa pa yunivesiti imeneyo ku America, Edward Mark, anakagwiritsa nchito mu 1881 polemba za nkhono yopanda cigoba. Si kokhako ai. Madokotala amakonda manambala: mboni yoyamba kuchulidwa ikhala 1, yaciwiri 2, monga anapangana akonzi a magazini a zamankhwala ku Vancouver mu 1978. Mainjiniya naonso amakonda manambala. Musandifunse kuti kabwino nkati. Ine ndiona kuti kukangana pa zimenezi kuli ngati kukangana ngati cisoti ca mgodi ciyenera kukhala coyera kapena cacikasu. Mwana afunse aphunzitsi ace kalembedwe kamene afuna, ndipo atsate kameneko kuyambira dzina loyamba kufikira lotsiriza, osasakaniza.

Pali lamulo lina limene ophunzira aliphwanya ndi mtima wabwino. Colembedwa pa buku musacikonze. Pepala la Wilson la 1941 liri ndi mau akuti Northern Rhodesia m'dzina lace, ndipo likamba za Broken Hill, tauni imene tsopano ndi Kabwe. Tingadane nao maina akalewo, koma wosintha dzina la buku kuti limveke Zambia wasokeretsa womtsata, cifukwa m'laibulale mulibe buku la dzina limenelo. Cimodzimodzi ndi mabuku omasuliridwa. Samuel Ntara analemba Nthondo m'cinenero cathu, buku la 1933, ndipo m'caka cotsatira T. Cullen Young analitulutsa m'Cingerezi ndi dzina lakuti Man of Africa. Ngati munawerenga la Cingerezi, lembani la Cingerezi ndi dzina la womasulira. Mau a m'menemo anapita m'manja mwa anthu awiri, ndipo wowerenga ayenera kudziwa zimenezo.

Masiku ano zambiri ziwerengedwa pa intaneti, kumene tsamba lingakhalepo lero, mawa palibe. Cotero muonjezepo keyala ya tsambalo, ndipo aphunzitsi ambiri afunanso tsiku limene munaliwerenga. Nkhani za ophunzira zambiri ziri ndi nambala yosasintha yochedwa DOI, ikakhalapo, ilembeni. Koma cenjerani ndi makina a kompyuta amene amayankha mafunso ngati munthu. Angathe kupeka buku, mlembi ndi caka, zonse zooneka bwino, koma kulibe. Mu 2023 woweruza wa ku New York analipiritsa maloya madola 5,000 cifukwa anapereka ku khoti milandu yakale isanu ndi umodzi imene ChatGPT inapeka. Ngati maloya anagwa m'mbuna yotere, nanga mwana wa caka coyamba? Asaike pa mndandanda cinthu cimene sanacitsegule yekha. Atatha kulemba, atenge pensulo, ayende m'nkhani yonse, aone kuti dzina liri lonse la m'kati lipezeka kumapeto, ndi kuti kumapeto kulibe mlendo amene sanalankhule m'kati. Wotenga mau a mnzace osamchula, a yunivesiti amuyesa mbala, ndipo angathe kumcotsa sukulu.

Catsala cinthu cimodzi cimene cikhudza inu eni ace. Nzeru zambiri za dziko lino siziri m'mabuku. Ziri m'kamwa mwa nkhalamba, ndi mwa inu amene munatsika pansi zaka makumi awiri kapena atatu. Azungu a Rhodes-Livingstone Institute sakadalemba mabuku aja popanda Aafirika amene anayenda m'makomboni kufunsa mafunso, kumasulira ndi kulemba nyimbo, koma pa zikuto za mabuku maina ao sanaonekepo. Mai Lyn Schumaker anafotokoza nchito ya anthu amenewa m'buku lao la 2001, Africanizing Anthropology. Malamulo ena a kalembedwe amati zokambirana za pakamwa zichulidwe m'kati mwa nkhani mokha, osati pa mndandanda, poti mlendo sangazipeze m'laibulale. Olemba mbiri satero, ndipo ine ndiri kumbali yao. Iwo amalemba dzina la wofunsidwa, mudzi kapena komboni yace, mfumu ya dera limenelo, tsiku la kukambiranako, ndi kumene mau ojambulidwawo asungidwa.

Tsono wophunzira akadza pakhomo panu ndi kabuku kace kudzafunsa za sitalaka ya 1935 kapena ya 1940 monga munaimva kwa atate anu, muli ndi ufulu wa kumfunsa kuti adzakulembani motani. Ngati mufuna kuti dzina lanu lioneke, mumuuze kalembedwe kace kolondola, cilembo ndi cilembo. Ngati muopa kaamba ka nchito yanu, nenani, ndipo iye ayenera kubisa dzinalo nalemba cabe kuti ndi mkulu wina wa pa mgodi wakuti, wofunsidwa pa tsiku lakuti.