Tizirombo Tosamva Mankhwala ndi Anthu Okhala ndi HIV

Kachirombo ka HIV kamafooketsa chitetezo cha m'thupi, kotero kuti tizirombo tina timene munthu wamphamvu amatigonjetsa mosavuta timatha kulowa m'magazi a wodwala. Ena mwa iti ndi a mtundu wa Salmonella, amene amalowa m'thupi kudzera m'zakudya ndi madzi auve. Wodwala amatentha thupi kwa masiku, amafooka, ndipo nthawi zina amatsekula m'mimba. Ambiri amaganiza kuti ndi malungo, namachedwa kupita kuchipatala.

Pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene anthu a mu Blantyre amachitcha Gulupu, madokotala akhala akupima magazi a odwala otere kuyambira mu 1998. Lipoti la mu 2002 linaonetsa kuti pafupifupi theka la akuluakulu a HIV amene anagonekedwa ndi Salmonella m'magazi anamwalira. M'zaka za 2001 ndi 2002 tiziromboti tinaleka kumva chloramphenicol, pamene ampicillin ndi Bactrim zinali zitalephera kale. Pofika 2016, tizirombo ta Klebsiella 9 mwa 10 topezeka m'magazi sitinkamvanso jekeseni wa ceftriaxone.

Kodi tizirombo timaleka bwanji kumva mankhwala? Munthu akamwa makapisozi awiri kapena atatu ogula pamsika, kapena akasiya mankhwala pakati poona kuti wapezako bwino, tizirombo tofooka timafa koma tolimba timatsala. Totsalato timaswana, nitifalikira kwa ena kudzera m'chimbudzi, m'madzi ndi m'manja osasamba, makamaka m'malo othithikana monga Ndirande, Bangwe ndi Mbayani. Amene amayamba kupwetekedwa ndi uja chitetezo chake chachepa.

Komabe chiyembekezo chilipo. Boma litayamba kupereka ma ARV kwaulere mu 2004, odwala Salmonella m'magazi anayamba kuchepa pa Gulupu, chifukwa thupi likabwezeredwa mphamvu limadziteteza lokha.

Choncho munthu wokhala ndi HIV ayenera kumwa ma ARV ndi Bactrim wake monga alangizira achipatala, osadumphitsa tsiku. Akatentha thupi apite msanga kukapimidwa, osayamba ndi kugula makapisozi. Mankhwala amene walandira amalize onse, osagawirako mnzake kapena kusungira matenda a mawa. Banja lonse limwe madzi owiritsa kapena othira klorini, lidye nyama ndi mazira zopsa bwino, ndi kusamba m'manja ndi sopo pochokera kuchimbudzi. Mankhwala amphamvu amene atsala ndi ochepa ndiponso okwera mtengo. Kuwasamala ndi udindo wa mudzi wonse.