THUMBA LA TSIKU LA TSOKA: Kasankhidwe ka Zothandizira Wobvulala ndi Wodwala

Kwa alimi onse a ku mapiri a Dedza, amuna ndi akazi omwe.

Mlimi wanzeru sasankha mbeu tsiku lobzala. Amasankhiratu pa masika, napatula cimanga cokhwima bwino, nacipacika pa utsi, kuti mvula yoyamba impeze ali wokonzeka. Momwemonso banja lanzeru silifunafuna nsaru yomangira bala pamene mwazi uli kutuluka kale, koma limakonzeratu thumba limodzi, losungamo zinthu zowerengeka zakuthandiza munthu kufikira ataonana ndi dotolo. Mau a m'kalata muno akuuzani zoyenera kulowa m'thumbamo, ndi zoyenera kutsala.

CIFUKWA CACE CA THUMBALI

Ena adzati, Ife tiri pamtunda, madzi osefukira ndi a anthu a kucigwa. Koma kumbukirani kuti tsoka silinunkha. Usiku wa pa 10 Marici 1989 cibvomezi cinagwedeza Salima ndi madera oyandikana naye, Dedza yemwe; anthu 9 anafa, ndi ena ngati 50,000 anasowa pogona. Mwezi wa Marici 2023 namondwe wochedwa Freddy anagumula mapiri ku Blantyre, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe. Matope ndi miyala zinakwirira nyumba, anthu oposa 600 anafa, milato inakokoloka, ndipo midzi yambiri inakhala masiku osafikako galimoto.

Ifenso tikhala m'tsinde mwa mapiri, monga Dedza ndi Chongoni, ndipo mitengo yogwira nthaka yacepa. Pa dzinja Linthipe ndi Diamphwe amadzaza, ndi mitsinje yotsikira ku Mua, Mtakataka ndi Golomoti imathamanga ndi mphamvu. Zipatala ziripo ndithu, ca Boma ku Dedza, ca Mua, ca Nkhoma, ndi zazing'ono za m'madera. Koma mtsinje ukadzaza pakati pa inu ndi cipatala, mudzagona tsidya lino ndi wodwala wanu usiku umodzi kapena uwiri. Thumbali ndi la usiku umenewo. Lidzathandizanso tsiku limene khasu, nkhwangwa kapena cikwanje caphonya mtengo nkupeza mwendo.

LAMULO LA KASANKHIDWE

Thumba likhale laling'ono, loti mai wobereka mwana angathe kulinyamula ndi dzanja limodzi mumdima. Thumba lolemera limatsala m'nyumba pamene eni ace athawa. Cifukwa cace musanaikemo kanthu, dzifunseni mafunso atatu. Kodi cinthuci cingapulumutse moyo pa tsiku loyamba? Kodi ndidziwa kucigwiritsa nchito? Kodi cingasungike miyezi osaonongeka? Cimene cilephera funso limodzi citsale.

Zoononga moyo msanga kwathu kuno ndizo zisanu: kutaya mwazi, kutsegula m'mimba, kupsa ndi moto, kuzizidwa, ndi kusowa mankhwala amene munthu amamwa masiku onse. Tisankhe tsono monga mwa zisanuzi.

1. ZA MABALA NDI MWAZI

Coyamba ndico nsaru zoyera. Bandeji wa kusitolo ndi wabwino, koma citenje cakale cigwiranso nchito. Cicapeni ndi sopo, muciwiritse m'madzi, muciyanike pa cingwe padzuwa, mucisite ndi simbi yamoto, pamenepo mucing'ambe. Zidutswa zina mupinde zikhale zocindikala ngati cikhato, zakupanikizira bala. Zina zikhale zazitali, zakukulungira. Nsaru imodzi ya mita imodzi mbali zonse muidule kucokera ngondya kufikira ngondya. Mwapeza nsaru ziwiri zakukolekera mkono wothyoka m'khosi. Zonsezi muzitsekere m'jumbo youma.

Muikemonso sopo mmodzi wosayamba, pulasitala, sizasi, mapini, ndi magolovesi. Magolovesi akasowa, bvalani majumbo oyera m'manja, pakuti mwazi wa munthu wina ukhoza kukupatsani nthenda.

Mwazi ukamatuluka, ikani nsaru pabala ndi kupanikiza kolimba ndi dzanja mphindi 10 osasuzumira. Nsaru ikanyowa musaicotse, onjezani ina pamwamba. Mtengo kapena citsulo cikalowa m'thupi musacizule, panikizani m'mbali mwace, nimupite naye. Bala laling'ono mulitsuke ndi madzi oyera ndi sopo, ndi kuliphimba kuti nchenche zisaterepo. Musathirepo dothi, ndowe, fodya kapena phulusa, pakuti m'dothi ndi m'ndowe mumakhala mbeu za kafumbata, nthenda youmitsa nsagwada. Aliyense wolasidwa ndi cida ca kumunda akafunse za katemera wa kafumbata ku cipatala.

Pfupa likathyoka musaliongole. Mitengo yakulimangira simusowa kuisenza m'thumba. Nsungwi ndi timitengo ziri ponseponse.

2. ZA MADZI NDI KUTSEGULA M'MIMBA

Madzi osefukira amagwetsa zimbudzi nadetsa zitsime. Kolera amene anabuka m'dziko muno mwezi wa Marici 2022 anafika m'maboma onse, napha anthu oposa 1,700. Wotsegula m'mimba safa ndi kanthu kena koma kutha kwa madzi ndi mcere m'thupi, ndipo mwana akhoza kutha tsiku limodzi lokha. Cotero pa zonse za m'thumba, cotsika mtengo ndi copulumutsa ambiri ndico Thanzi ORS. Sungani mapaketi 6 kapena kuposa, pamodzi ndi botolo la lita imodzi, kapu, ndi kasupuni ka tiyi.

Paketi imodzi isungunulidwe m'lita imodzi ya madzi oyera, osacepetsa madzi. Mwana wosafika zaka 2 amwe mpaka theka la kapu nthawi zonse akacita cimbudzi; mwana wokulirapo amwe theka kufikira kapu yodzaza; wamkulu amwe monga afuna. Akasanza, dikirani mphindi 10, nimuyambenso pang'onopang'ono ndi supuni. Woyamwa asaleke kuyamwa. Otsala kufikira mawa lace muwataye ndi kukonza ena. Mapaketi akatha, ikani timasupuni 6 tosasefukira ta shuga ndi theka la kasupuni ka mcere m'lita imodzi. Musapitirize mcere, pakuti wocuruka uononga mwana. Mlangizi wa zaumoyo adzakupatsaninso mapiritsi a zinki, amene mwana wotsegula m'mimba amamwa masiku 10 kufikira 14.

Muikemonso botolo la mankhwala oyeretsa madzi, monga WaterGuard. Citsekero cimodzi cikwanira ndowa ya malita 20, ndipo mudikire mphindi 30 musanamwe. Madzi amatope muyambe mwawasefa pa nsaru. Mankhwalawa akasowa, wiritsani madzi kufikira atabwadamuka ndithu. Cimbudzi cikaoneka ngati madzi otsukira mpunga, kapena maso akalowa m'kati, kapena mwana akalephera kumwa, nyamukani pomwepo, mukummwetsa panjira.

3. ZA KUPSA NDI MOTO

Miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene tiothera moto m'nyumba, ana ambiri amagwera pamoto kapena kutayikiridwa phala. Mankhwala ace oyamba sali m'sitolo, ndiwo madzi ozizira. Thirani madzi pamalo popsa mphindi 20, ndipo mbali zina za thupi la mwana zikhale zopfundidwa kuti asazizidwe. Bvulani mphete ndi zibangiri pasanatupe; nsaru yomatirira pakhungu muileke. Matuza musawaboole. Musapakepo dzira, mafuta, mankhwala otsukira mano, kapena ndowe. Phimbani ndi jumbo yatsopano yoyera, imene siimatirira pabala. Cifukwa cace m'thumba mukhale majumbo atsopano angapo. Popsa pakakula kuposa cikhato ca wopsayo, kapena pakakhala pankhope, m'manja kapena kumaliseche, ameneyo ndi wa ku cipatala. Ndipo khanda likapsa, ngakhale pang'ono, mupite nalo.

4. ZA KUZIZIRA

Boma la Dedza liri pamtunda wa mamita ngati 1,600, ndi nsonga ya phiri lace ifika pafupi mamita 2,200. Kwathu nkozizira, ndipo munthu wonyowa ndi mvula usiku, makamaka khanda, nkhalamba, ndi wotaya mwazi, amafooka msanga. Ikanimo bulangete lopepuka, cipewa ca mwana, ndi pepala lalikulu la pulasitiki, logonapo kapena lochinga mvula. Macesi muwatsekere m'kabotolo kouma. Toci ikhalemo, koma mabatire ace muwasunge padera kuti asaole m'kati. Wonyowa mumbvule zobvala zonyowa, mumpfunde; khanda muliike pa cifuwa ca amace, khungu kukhudza khungu.

5. ZA MANKHWALA A MASIKU ONSE

M'nyumba zambiri muli munthu wakumwa ma ARV, kapena mankhwala a cifuwa cacikuru, a khunyu, a shuga, kapena a kuthamanga kwa mwazi. Ameneyu akadumpha masiku, nthenda imabwerera ndi ukali. Mankhwala otere asungidwe pafupi ndi thumba, kuti dzanja lotola thumba litole ndi iwo omwe. Ndipo pa dzinja musadikire kuti atheretu musanakatenge ena. Timabuku ta kucipatala ta banja lonse tikhale m'jumbo yomanga bwino, pakuti dotolo wacilendo adziwa nthenda yanu ndi muyeso wa mankhwala anu poona m'kabukumo.

Pa mankhwala oletsa ululu, Panado akwanira. Wamkulu amwe mapiritsi awiri, osapitirira kanai pa tsiku; muyeso wa mwana mufunsiretu kwa mlangizi, nimuulembe pa pepala. Asipirini musampatse mwana, kapena munthu wotaya mwazi. Dziwaninso kuti Panado aziziritsa thupi cabe, saciza malungo. Wotentha thupi akayezedwe mwazi tsiku lomwelo, makamaka amene watsikira kunyanja kapena kucigwa, kumene udzudzu ucuruka.

ZOYENERA KUTSALA

Pali zina zimene anthu amazikhulupirira, koma zilephera mafunso athu aja. Makapisozi ogula pamsika, jakisoni, ndi mapiritsi opanda dzina otsala kwa wodwala wina, zisalowemo. Safunsa anadya phula.

Kamwala kakuda, lezala lotemera, ndi cingwe comangira wolumidwa ndi njoka, zitsalenso. Kutema, kuyamwa, ndi kumanga kolimba sikucotsa ululu wa njoka, koma kuoletsa mwendo, makamaka polumidwa ndi mphiri. Wolumidwayo mumgoneke, mumbvule zothina, mumange mwendo ku mtengo monga wothyoka, nimumsenze, asayende yekha. Njoka ikamlabvulira m'maso, tsukani ndi madzi ambiri. Garu akaluma munthu, tsukani bala ndi sopo ndi madzi mphindi 15, nimupite tsiku lomwelo cifukwa ca ciwewe. Pakuti ciwewe cikaonekera, palibe wocira.

Mankhwala a mbeu, a m'nkhokwe, ndi ophera makoswe akhale kutali ndi thumba ili. Munthu akawamwa musamsanzitse. Akamtayikira, mumbvule ndi kumsambitsa ndi sopo. Ndipo popita ku cipatala mutenge botolo lace, kuti adziwe cimene alimbana naco.

KASUNGIDWE KACE

Thumba lipacikidwe pa msomali pafupi ndi khomo, pamwamba posafika ana, kutali ndi utsi ndi podontha. Akulu onse a m'nyumba adziwe pamene liri. Mulimasule kawiri pa caka: pa masika, pamene mwagulitsa kacewere ndi nyemba ndipo ndalama iri m'manja, ndi mwezi wa Okutobala, mvula isanagwe. Werengani tsiku lothera mphamvu lolembedwa pa mankhwala. Paketi ya Thanzi youma gwa kapena yonyowa muitaye. Nsaru zanyankhungu muziwiritsenso. Cimene mwatengamo lero mucibwezere msanga. Ndipo sopo wa m'thumba asacapire zobvala, kapena toci yace kuyendera kumowa.

Lembani pa pepala manambala a lamya a mlangizi wa zaumoyo, a mfumu, ndi a munthu wa njinga yamoto, pakuti lamya ikazima manambala azima nayo. Mai wapakati wa kutsidya la mtsinje asadalire thumba. Mwezi wace ukayandikira pa dzinja, akadikirire ku cipatala.

Cotsiriza, mutu umodzi susenza denga. Nyumba yosowa ndalama iyambe ndi nsaru zowiritsa, sopo, ndi mapaketi awiri a Thanzi. Zina zidzabwera m'mbuyo. Mudzi upangane pa bwalo za macira osenzera wodwala, ndi za njira yodzera mtsinje ukadzaza. Pemphani alangizi a zaumoyo kapena a Red Cross adzakuonetseni ndi manja kapanikizidwe ka bala ndi kamangidwe ka pfupa, pakuti nsaru iri m'thumba siidzimanga yokha. Sabata ino, funani citenje cakale, muciwiritse.