A Walker oyamba ankaponda nsalu

Pa botolo la Johnnie Walker pali chithunzi cha munthu wa chipewa chachitali ali pa ulendo, ndodo kumanja. Chithunzichi chinajambulidwa mu 1908, ndipo chasocheretsa anthu ambiri. Akaona miyendo ikutambalala chonchija amangoti basi, banja la Walker linali la anthu oyendayenda. Ine ntchito yanga ndi kufufuza magwero a mayina a mabanja, ndipo lamulo lathu loyamba ndi lakuti dzina sitilimasulira ndi Chingerezi cha lero. Timalilondola m'makaundula akale mpaka pomwe linayamba kulembedwa.

Tikatero, Walker amatifikitsa ku malonda a ubweya wa nkhosa, omwe anali msana wa chuma cha England m'zaka za m'ma 1200 ndi 1300. Nsalu ikangochoka kwa woomba imakhala yolekanalekana ulusi, yodzaza mafuta a ubweya. Ankaiika m'chimphika chamadzi, kuthiramo dongo lapadera loyamwa mafuta, mwinanso mkodzo wogonera, ndipo munthu ankalowamo osavala nsapato n'kumaiponda kwa maola ambiri, monga momwe timapondera dothi la njerwa. Ulusi umagwirana, nsalu imafupika n'kukhuthala, mphepo osaipyoza. Woponda uja ndiye Walker. Ntchito yonunkha, yothetsa khungu la kumapazi, koma popanda iyo nsalu sikanagulika pamsika. Ndimawalemekeza kwambiri anthu amenewa.

Chomwe chimandikoka mtima pa dzinali n'chakuti ntchito imodzimodziyo inabala mayina atatu, malinga ndi kalankhulidwe ka dera. Kumpoto ndi pakati pa England, ngakhalenso ku Scotland, ankati Walker. Kum'mwera ndi kum'mawa ankati Fuller. Kum'mwera chakumadzulo, ku Devon ndi Somerset, ankati Tucker. Choncho mukandipatsa mndandanda wakale wa okhoma msonkho wopanda dzina la mudzi, mayina atatuwa amandinong'oneza dera lomwe unalembedwa. Makaundula a msonkho wa mutu wa 1377, 1379 ndi 1381 ndi chuma chathu chachikulu, chifukwa analemba ngakhale anthu wamba, pa nthawi yomwe mayina anali kukhazikika. Poyamba "le Walkere" ankangotanthauza ntchito ya mwini wake. Mwana wake akatchedwa Walker chonsecho ndi mlimi, pamenepo timadziwa kuti dzina lasanduka la banja.

Makina analanda ntchitoyi msanga. Kaundula wa katundu wa gulu la Knights Templar wa 1185 amatchula kale mphero zoyendera madzi, za nyundo zamatabwa zosinja nsalu, ku Newsham m'dera la Yorkshire ndi ku Barton m'dera la Gloucestershire. Koma kuzilumba za Hebrides amayi anapitiriza kukhwimitsa nsalu pamanja, akuimba nyimbo za ntchito, mpaka m'zaka za m'ma 1900.

Funso lomwe ndimalandira kwambiri ndi ili: kodi a Walker onse ndi pachibale? Ayi ndithu. Kwa ife a Phiri awiri akakumana amafunsana za kumudzi, poti mfunda umaloza mtundu umodzi. Dzina la ntchito silitero. Tauni iliyonse yoomba nsalu inali ndi oponda ake, ndipo mabanja ambirimbiri osadziwana anatola dzinali paokhapaokha. Palinso a Walker ena omwe makolo awo sanakhudzepo nsalu: anachokera ku malo otchedwa Walker pafupi ndi Newcastle upon Tyne, dzina lotanthauza dambo la pafupi ndi khoma lomwe linamangidwa ndi Aroma. N'chifukwa chake ndimadandaula ndikaona anthu akugula zikwangwani za "chizindikiro cha banja la Walker" pa intaneti. Wofuna kudziwa Walker wake ayambire pa agogo ake, abwerere m'mbuyo m'badwo ndi m'badwo m'mabuku a ubatizo ndi a ukwati a matchalitchi, omwe ku England analamulidwa kuti azisungidwa kuyambira mu 1538.