Kanema akakana kuonetsa pa TV, vuto limakhala pati?

Makolo angapo atidandaulira kuti makanema a maphunziro a sayansi amene timaikira ana a Fomu 4 pa fulashi akukana kuonetsa kunyumba. Pa kompyuta ya kusukulu amaonetsa bwinobwino, koma pa DVD kapena TV amangolemba kuti "File not supported", mwinanso chithunzi chimabwera popanda mawu. Ena agula kale fulashi ina. Chonde sungani ndalama zanu, nthawi zambiri fulashiyo imakhala ilibe mlandu.

Fayilo ya kanema ili ngati kalata ya mu envulopu. Zilembo za kumapeto kwa dzina, monga MP4, AVI kapena MKV, zimangotiuza mtundu wa envulopu. Chilankhulo chimene kalatayo yalembedwa ndi nkhani ina, ndipo chimatchedwa codec: njira yopanikizira zithunzi kuti zisadye malo ambiri. Makina akhoza kutsegula envulopu n'kupeza chilankhulo chimene sachidziwa. N'chifukwa chake mafayilo awiri, onse olembedwa MP4, ina imaonetsa ina n'kukana.

Ma codec ali ndi mibadwo yawo. Zimbale za DVD zimagwiritsa ntchito MPEG-2. H.264 inabwera mu 2003 ndipo ndi imene ma TV ambiri okhala ndi polowetsa fulashi amaimva. H.265, imene ena amati HEVC, ndi ya 2013. Imachepetsa fayilo kwambiri koma makina akale saidziwa, pomwe mafoni ambiri atsopano, kuphatikizapo iPhone kuyambira 2017, amajambulira mmenemo. Kompyuta simavutika chifukwa pulogalamu ngati VLC imabwera ndi ma codec ake. DVD ilibe mwayi umenewo: zimene inaikidwa ku fakitale ndi zomwezo mpaka idzafe.

Ma DVD ambiri a m'nyumba zathu, aja olembedwa DivX kutsogolo, amafuna fayilo ya AVI yokhala ndi DivX kapena Xvid, ndipo chithunzi chisapose 720 × 576. Kanema wa 1080p wochokera pafoni sangamuthe. Mawu nawo ali ndi codec yawoyawo. Mukaona chithunzi chikuyenda koma kuli zii, ndiye kuti makinawo sakumva mawuwo, ndipo pa DVD zotere MP3 ndi imene sivuta.

Palinso kakonzedwe ka fulashi. Makina akale amawerenga FAT32 yokha, ndipo FAT32 silola fayilo imodzi yoposa 4 GB. Fulashi yokonzedwa mwa exFAT kapena NTFS imaoneka ngati yopanda kanthu. Musanaisinthe, koperani kaye zonse pena, chifukwa format imafufuta chilichonse.

Anyamata athu ena amangosintha dzina, MKV n'kulemba MP4. Uku n'kusintha zolembedwa pa envulopu basi, envulopu ndi kalata zili zomwezo. Chofunika n'kutembenuza kanemayo. Pulogalamu yaulere ya HandBrake imatulutsa MP4 ya H.264, yoyenera TV. Koma siipanga AVI, choncho a DVD yakale afunika pulogalamu ina. Mukapita kwa anyamata obena nyimbo kumsika, auzeni mtundu wa makina anu, osangoti "ndiikireni kanema". Dziwaninso kuti kutembenuza kulikonse kumachepetsako kuwala kwa chithunzi, ndiye yambirani pa fayilo yoyambirira, osati imene yadutsa kale pa WhatsApp kangapo. Pa phunziro la Chemistry, manambala a pabolodi akafufutika kanemayo watha ntchito.

Kwa a komiti ya mzikiti amene akuganiza zogulira holo TV, tikupempha kuti mutenge fulashi yokhala ndi kanema wa H.264 ndi wa H.265, mukayesere m'sitolo momwemo musanalipire. Mawu oti "USB" pa katoni sakutsimikizira kanthu.

Ife kusukulu tiziika phunziro lililonse kawiri, m'mafoda olembedwa TV ndi DVD. Amene ali ndi fulashi yokana aitumize ndi mwana, atalemba pakapepala dzina ndi nambala ya makina a kunyumba.