Llama, Chiweto cha Kwawo kwa Kachewere

Ana inu amene mumadzuka m'mamawa wa June ku Bembeke zala zitauma gwa, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi, lero ndabwera ndi funso. Mbatata ya kachewere imene imadzaza m'zidebe m'mbali mwa msewu wa M1, yomwe ija timadya tchipisi chake pachiwaya, kwawo kwenikweni ndi kuti? Amene mwati ku Dedza mwaphonya. Amene mwati ku Ntcheu mwaphonyanso.

Kachewere ndi mlendo amene anakhazikika. Kwawo ndi kumapiri a Andes ku South America, cha kumalire a mayiko a Peru ndi Bolivia. Anthu a ku Spain ndiwo anamutenga kupita naye ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500, ndipo patapita nthawi anafika kuno n'kukonda kuzizira kwathuku. Koma pochoka kwawo anasiya mnansi wake, chiweto cha khosi lalitali chotchedwa llama. Dzinali limalembedwa ndi zilembo za l ziwiri. Inu mungoti "lama", palibe amene angakusekeni.

Tayerekezani nkhosa imene wina waikoka khosi ndi miyendo mpaka mutu wake kufanana msinkhu ndi abambo anu. Ipatseni makutu okhota ngati nthochi, maso aakulu a nsidze zazitali, ndi mlomo wam'mwamba wogawanika pakati ngati wa kalulu. Imeneyo ndiye llama. Ikakula imalemera makilogalamu pakati pa 130 ndi 200. Ndi mbale wake wa ngamila, kungoti ilibe linunda. Kuphazi kuli zala ziwiri ndi kachikopa kofewa kunsi kwake, choncho imakwera miyala mosaterereka ndipo siipondereza msipu ngati mmene ziboda za ng'ombe zimachitira.

Ife timanyadira kuti Dedza ndi wozizira, ndipo n'zoona, pakuti phiri la Dedza ndi lalitali mamita 2,198. Nsonga ya Sapitwa ku Mulanje, imene ilibe inzake m'Malawi muno, ndi mamita 3,002. Tsono imvani izi: kwawo kwa llama kuli nyanja yotchedwa Titicaca, ndipo madzi ake ali pamtunda wa mamita 3,812. Anthu amapalasa mabwato pamalo okwera kuposa Sapitwa! Kumeneko usiku madzi amaundana, mpweya ndi wopepuka, mlendo akangothamanga pang'ono amapuma wefuwefu. Llama sizimva kanthu chifukwa magazi ake amagwira bwino mpweya wochepawo. Alimi a kumeneko amayala kachewere panja kuti aundane usiku ndi kuuma masana, amamuponda ndi mapazi kufinya madzi, n'kumusunga zaka. Amamutcha chuño, ndipo tingati ndi makaka awo.

Makolo a anthu a mitundu ya Quechua ndi Aymara anayamba kuweta llama zaka zoposa 4,000 zapitazo, kuchokera ku nyama yakutchire yotchedwa guanaco. Mu ufumu wa Inca munalibe ngolo, ng'ombe kapena bulu. Chimanga, mchere, nsalu, zonse zinkayenda pamsana pa llama zondondozana m'tinjira ta m'mapiri. Koma musaione kufatsa. Katundu wa makilogalamu 25 kapena 30 imanyamula mosadandaula. Isenzetseni katundu wopyola mphamvu zake, ingokhala pansi phee, miyendo itapinda. Kokani chingwe, kuwani, nyengererani, siidzuka mpaka mutachepetsa katunduyo. Pamenepa ine ndimaipatsa ulemu, pakuti abulu athu amasenzetsedwa mopyola muyeso n'kumangopirira.

Nanga nkhani yolavula ija, imene ena munaiona pa kanema? Ndi yoona. Llama imabzikula ngati mbuzi, ndipo ikakwiya kwambiri imabweza msipu wobiriwira wa m'mimba n'kuulavula, fungo lake losayamba. Kawirikawiri zimalavulirana zokhazokha polimbirana chakudya kapena ukulu, ndipo yaikazi imene yatenga bere imalavulira yaimuna kuiuza kuti italikire. Isanalavule imachenjeza: makutu amagona kumbuyo, chibwano chimakwera m'mwamba. Mukaona zimenezo, patukani.

Tsopano tifike pa ubweya, pamene pagona chuma chake. Mwaonapo kuti nkhosa zathu zachikuda, za mchira wonona zija, zili ndi ubweya waufupi wonga wa mbuzi? N'chifukwa chake sitimazimeta, ndipo kukazizira timathamangira majuzi a pakaunjika. Llama yavala malaya awiri. Akunja ndi ubweya wautali wokhakhala umene umatchinga mvula, ndipo eni ake amapota nawo zingwe ndi kuluka matumba. Am'kati ndi ubweya wofewa wofunda, wopangira ulusi wa majuzi, zipewa ndi mabulangete. Amaimeta kamodzi pachaka kapena pa zaka ziwiri, ndipo sizipweteka, zili ngati inu mukapita kometetsa sukulu isanatsegulidwe. Ubweyawo umabwera woyera, wakuda, wofiirira, wotuwa kapena wamawangamawanga, osafuna utoto. Alimi a ku Andes amasiyanitsa mitundu iwiri: q'ara ya ubweya wochepa, yabwino pa mtolo, ndi ch'aku ya ubweya wambiri. Koma pa kufewa, llama imagonja kwa msuweni wake wamng'ono, alpaca.

Palibe chimene chimatayika. Nyama yake amaiyanika ndi mchere n'kuitcha ch'arki. Ndowe zake ndi manyowa a m'munda wa kachewere uja, komanso zikauma zimakhala nkhuni, poti kumtunda kumeneko mitengo ndi yosowa. Kutola kwake n'kosavuta chifukwa gulu lonse limadzithandizira pamalo amodzi, ukhondo umene mbuzi zathu zikanaphunzirako.

Woweta llama amafunika mtima wodikira. Bere lake limatenga masiku pafupifupi 350, kutsala pang'ono kukwana chaka, ndipo imabereka mwana mmodzi yekha. Mbuzi imene inatenga bere tsiku lomwelo imakhala itabereka kalekale pa miyezi isanu, mwina mapasa, ana ake akudumphadumpha pachulu. Mwana wa llama amatchedwa cria. Nthawi zambiri amabadwa dzuwa lili kunja, zomwe zimamupatsa mpata wouma chisanu cha usiku chisanagwe, ndipo pakatha ola limodzi amakhala ataimirira. Mayi ake samunyambita ngati mmene ng'ombe imachitira ndi thole, chifukwa lilime lake silituluka patali. M'malo mwake amamununkhiza n'kumamung'ung'udzira kanyimbo ka pakhosi, mmm, mmm.

Pali lamulo limodzi limene oweta amalisunga kwambiri. Mwana wamwamuna asamaleredwe m'manja ngati kagalu, kumuyamwitsa m'botolo ndi kumufungatira tsiku lonse. Akakula amayesa anthu ndi llama zinzake, ndiye amawagunda ndi chifuwa monga amachitira amuna akamalimbana. Kumukonda ndi kumusiya akule ndi anzake. Komanso llama siiwetedwa yokha. Ikasowa gulu imasungulumwa.

Masiku ano llama zili ku United States, ku Canada, ku Ulaya ndi ku Australia, kumene ambiri amaziweta chifukwa chongozikonda. Monga mmene alimi athu amaonetsera mbewu ndi ziweto pa chionetsero cha zaulimi ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre, iwo ali ndi zionetsero za llama. Amazisambitsa, kuzipesa, n'kuziyendetsa pamaso pa woweruza amene amayang'ana kuwongoka kwa msana ndi miyendo, kayendedwe, ndi ubwino wa ubweya. Ana a msinkhu wanu amapikisana poiwolotsa pakamlatho, kuidumphitsa zipika ndi kuibweza chafutambuyo. Zina zofatsa amapita nazo kukacheza ndi okalamba ndi odwala. Kwawo ku Andes chikondwerero chake n'china: eni ake amamangirira ulusi wa mitundu yowala m'makutu mwa ziweto zawo, zonse n'kumaoneka ngati zikupita ku ukwati.

Ntchito imene inandidabwitsa ine ndi ya ulonda. Alimi a nkhosa ku America amaika llama imodzi pakati pa nkhosa, iyo n'kuzitenga ngati abale ake. Ikaona galu wolusa kapena coyote, nyama yonga nkhandwe, imalira mokweza, kumuthamangira ndi kumuponda. Kwa fisi wa kuno sindingaiike pa mpikisano, ameneyo ndi wamkulu msinkhu.

Kodi ingakhale ku Dedza? Kuzizira kwa June ndi July ingakukonde, mapiri a Chongoni ingawakwere mosekera. Mavuto ake angakhale kutentha kwa October, chinyezi cha dzinja, nkhupakupa ndi njoka za m'mimba. Ku Nsanje kokha musaiyerekeze n'komwe. Alimi ena a ku South Africa amaweta alpaca, zomwe zikuonetsa kuti banja limeneli likhoza kukhala mu Africa muno likasamalidwa. Komabe mutandifunsa ine kuti pakhomo pa agogo tiike chiyani, ndinganene kuti mbuzi: imaswana msanga, imadya zilizonse, ndipo fizi ikavuta imagulika tsiku lomwelo pamsika.

Ntchito yanu sabata ino nayi. Jambulani llama itaima m'munda wa kachewere, phiri la Dedza lili kumbuyo kwake. Makutu akhale ngati nthochi, zala ziwiri kuphazi lililonse, ndipo musaiike linunda. Mukatha, kawafunseni aphunzitsi akuonetseni Peru ndi Bolivia pa mapu.