Wotchinga kumbuyo wabwino timamudziwira pati?

Loweruka ndi Lamulungu masana, mabwalo a mpira a m'mphepete mwa nyanja ku Nkhotakota, kuyambira ku Chia kudzera pa Linga mpaka ku Dwangwa, amadzaza ndi anthu. Asodzi amakhala atayanika maukonde, amayi ayala mandasi ndi nzimbe, ana akwera m'mitengo ya mango kuti aone bwino.

Mnyamata akamwetsa chigoli, anthu amakhamukira m'bwalo. Amamunyamula, ena kumufupa, ndipo dzina lake silichoka pakamwa sabata yonse. Koma mnzake amene watchinga kumbuyo kwa mphindi 90 amabwerera kwawo fumbi lili mbuu, popanda womupatsa ngakhale madzi akumwa. Dzina lake limamveka tsiku limene timu yagonja basi.

Izi si zakumudzi kokha. Mphoto ya Ballon d'Or, ya wosewera wopambana onse, imangozungulira kwa omwetsa zigoli ndi osewera pakati. Wotchinga kumbuyo weniweni womaliza kuilandira ndi Fabio Cannavaro wa ku Italy, ndipo mudali mu 2006.

Vuto lagona pakuti ambirife sitidziwa poyezera wosewera kumbuyo. Amene timamuombera m'manja ndi uja womenya mpira mpaka kukagwera m'munda wa chinangwa, kapena wodzigwetsa pansi n'kusesa mpira pamodzi ndi miyendo ya mnzake. Kunja kwa bwalo kumangomveka kuti "mudule, muthyole!"

Komatu nthawi zambiri wosewera amadzigwetsa chonchi chifukwa wachedwa. Akadaima malo oyenera, akadalanda mpirawo ali chiimire. Ndipo tisaiwale kuti mwendo umene tikuti uthyoledwewo ndi wa msodzi kapena wodula nzimbe, amene mawa lake banja likumuyembekeza kuti abweretse ufa.

Ku America kuli mpira wina wosiyana ndi wathuwu, wooneka ngati dzira, umene amaponyerana ndi manja. M'ligi yawo yaikulu ya NFL, timu imakhala ndi osewera 11 ongofuna zigoli komanso 11 ena ongotchinga, gulu lililonse ndi mphunzitsi wakewake. Kumeneko nkhani yoyeza otchinga adaifikitsa patali.

Kudali Nnamdi Asomugha, mwana wa makolo ochokera ku Nigeria, yemwe ankasewera mu Oakland Raiders. Ntchito yake idali yolondola wothamangira kukawakha mpira. Mu 2006 adalanda mipira 8 ili m'malere. M'zaka zinayi zotsatira adangolanda itatu yokha yonse pamodzi.

Wowerenga manambala okha akadati mkuluyu watha. Chonsecho mu 2008 ndi mu 2010 adasankhidwa m'gulu la osewera opambana m'ligi yonse. Chidachitika n'chakuti oponya mpira adasiya kuponyera mbali yake chifukwa chomuopa. Ukatswiri wake udali m'zinthu zimene sizidachitike.

N'chimodzimodzi ndi mpira wamiyendo. Mukaona wogoletsa woopsa wa timu ina wazimirira masewero onse, ngati sadabwere n'komwe, funsani kuti amamusunga ndani.

Koma musanaweruze munthu, yambani mwadziwa ntchito imene mphunzitsi wamutuma, pakuti njira zotchingira zilipo ziwiri zikuluzikulu, ndipo ku America komwe amagawa chomwecho.

Yoyamba ndi ya aliyense ndi munthu wake. Mphunzitsi amangoti iwe gwira nambala 9, iwe nambala 10, kumene apite nawe upite. Kumbuyo kwa onse kumatsala mmodzi wosesa zotsalira, amene kumudzi timangomutchula kuti wa pa 5. Njirayi ndi yosavuta kuphunzitsa, n'chifukwa chake matimu ambiri a m'mabonanza amaikonda. Wolakwa amaonekeranso poyera.

Kuipa kwake n'kwakuti wogoletsa wochenjera amakukoka. Amathamangira dala kumbali kapena kubwerera pakati, iwe n'kumutsata, ndipo malo amene wasiyawo amasanduka msewu wa mnzake. Chigoli chikalowa, anthu amalalatira wa pa 5 poti ndiye adali pafupi, pamene iye adasiyidwa yekha ndi adani awiri.

Njira yachiwiri ndi yosunga malo. Aliyense amakhala ndi dera lake, ndipo amagwira mdani amene walowa m'deralo, akatuluka n'kumupatsira mnzake. Anayi akumbuyo amayenda pamzere umodzi, kupita kutsogolo limodzi, kubwerera limodzi.

Munthu wa kunyanja safunika kumufotokozera zambiri pamenepa. Khoka limakokedwa ndi magulu awiri pamchenga. Gulu limodzi likafulumira linzake likuzengereza, khoka limapendekeka ndipo nsomba zimathawira kumbali. Ulusi ungalimbe bwanji, ngati okoka sakumvana mumabwerako ndi ndere zokhazokha. Kumbuyo kwa timu kulinso chomwecho: mmodzi akatsalira mapazi atatu okha, mdani amene akadakhala ofusayidi amapezeka ali bwinobwino, maso ndi maso ndi goloboyi.

Kunena zoona, njira yachiwiriyi ndi yokoma kuionera pa kanema kusiyana ndi kuisewera pabwalo la kumudzi. Imafuna anthu ozolowerana, ochita zokonzekera limodzi sabata ndi sabata, osati timu yotolerana m'mawa wa tsiku la masewero, wina atagona panyanja usiku wonse kusaka usipa. Imafunanso wothandiza woyimbira amene akudziwa lamulo la ofusayidi. Pamene mbendera yake ndi nthambi ya mtengo, ndipo woinyamulayo ndi mlamu wake wa wogoletsa, kutchera msampha wa ofusayidi n'kudzipha wekha.

Mabwalo enieniwo ali ndi zawo. Ambiri ndi amchenga, mpira umaima pamene sumayembekeza. M'miyezi yozizira mwera ukamaomba, mpira wam'mwamba umatha kubwerera kapena kukupitirira pamutu. Mphunzitsi wanzeru amasakaniza njira ziwirizi, ndipo matimu akuluakulu amatero makamaka pa kona: ataliatali amasunga malo pafupi ndi golo, ena n'kugwira munthu.

Timu yathu ya Flames idationetsapo mbali zonse ziwiri za nkhaniyi. Pa 11 January 2010 ku Luanda, m'dziko la Angola, anyamata a Kinnah Phiri adathambitsa Algeria 3-0, timu imene idali itapeza kale malo ku World Cup ya chaka chomwecho. Timakumbukira zigoli za Russel Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davie Banda. Za 0 uja, amene adasungidwa ndi kaputeni Peter Mponda ndi anzake, sitikamba kawirikawiri. Ngakhale Kafoteka, yemwe adali wotchinga kumbuyo, ambiri amamukumbukira kaamba ka chigoli chamutu chija.

Patangotha sabata imodzi, timu yomweyo idakumana ndi Mali ku Cabinda. Mphindi zisanu zisanakwane, Frederic Kanoute ndi Seydou Keita adali atachinya kale, ndipo masewero adatha 3-1. Miyendo idali yomweyo imene idatseka Algeria. Chidasowa ndi kukhala tcheru kuyambira pa wezulo yoyamba.

Pa 18 January 2022 ku Bafoussam, m'dziko la Cameroon, Flames idalepherana 0-0 ndi Senegal ya Sadio Mané. Inde, Senegal idangochinya chigoli chimodzi m'masewero atatu a m'gulu, koma ndi yomweyo idakatenga chikho. Tsikulo Dennis Chembezi ndi Lawrence Chaziya pakati, Stanley Sanudi ndi Gomezgani Chirwa m'mbali, adasewera ngati amangidwa chingwe chimodzi. Wina akatuluka kukakumana ndi mdani, mnzake amatseka kumbuyo kwake.

Mu ndime yotsatira, Gabadinho Mhango adachinya Morocco chigoli cha patali chimene mpaka lero ana amachiyeserera pamchenga. Koma zigoli ziwiri zimene zidatitulutsa zili ndi phunziro kwa otchinga. Choyamba Youssef En-Nesyri adachimwetsa ndi mutu chigawo choyamba chili pafupi kutha, nthawi imene maganizo amakhala atayamba kale kupita kokapuma. Chachiwiri Achraf Hakimi adachinya pa firikiki. Ukachita faulo pamalo oti katswiri akhoza kulunjika golo, wamupatsa mpira pambale.

Choncho mukapita kukaonera mwana wanu Loweruka likubwerali, yesani kusiya mpira kwa mphindi khumi, maso akhale pa iye. Onani ngati amatembenuza khosi kuyang'ana amene akubwera kumbuyo kwake mpira uli kutali. Mvetserani ngati amalankhula, pakuti wotchinga wosalankhula ali ngati bwato lopanda wowongolera. Akakumana ndi mdani, kodi amathamangira kuponya mwendo, kapena amamuchedwetsa n'kumukankhira kumzere kufikira anzake atabwerera?

Chinanso ndi chimene amachita akaulanda mpirawo. Woumenyera kutchire wangobwezera adani kuti ayambirenso. Woupereka kwa mnzake wapumitsa timu yonse, ndipo ndi amene aphunzitsi a matimu a m'ligi yaikulu amamufuna masiku ano.

Njira yochoka kunyanja kuno kukafika pamwamba ilipo. Bwalo la Chitowe ku Dwangwa lakhala likulandira masewero a ligi yaikulu, pomwe Dwangwa United komanso asilikali a Mafco adalisandutsapo kwawo. Charles Thom, goloboyi amene adakaniza Senegal chigoli tsiku lija, adadziwikira ku Dwangwa United asanapite ku Silver Strikers.

Goloboyi ali ndi mwayi woti akadumpha aliyense amaona. Mnyamata wa pa 4 kapena pa 5 alibe mwayi wotero, ndipo pa mabonanza ambiri mphoto zapadera zimathera kwa womwetsa zigoli zambiri ndi goloboyi. Okonza mipikisano ya m'maboma akhoza kuyamba ndi kuikapo ya wotchinga kumbuyo, ndipo woisankha akhale aphunzitsi a matimu amene adalephera kumudutsa.