Mtundu wachiwiri wa penti: funsani denga ndi dothi

Nyumba zambiri zatsopano pa Mzimba boma, pa Jenda ndi ku Embangweni zikumangidwa ndi ndalama za ku Joni, ndipo ife openta malangizo timalandirira pa WhatsApp. Mwininyumba amatumiza chithunzi cha nyumba ya ku Johannesburg, amvekere: "Mundipentere chonchi." Pa khoma sipavuta, ambiri amakonda kirimu kapena woyera. Nkhani imakula pa mtundu wachiwiri, uja wa pa zitseko, mafelemu a mawindo, zipilala za khonde, thabwa la m'mphepete mwa denga ndi lamba wa m'munsi mwa khoma.

Ine ndisanatsegule tchati cha penti ndimayang'ana malata, chifukwa khoma mudzapentanso koma denga lidzakhala lomwelo zaka zambiri. Ngati malata ndi obiriwira, zitseko zikhale zobiriwira moderako kapena zabulawuni. Ngati ndi ofiira, pakani wabulawuni kapena wotuwa. Malata osapenta ndiwo salimbana ndi mtundu uliwonse. Kuika buluu wowala pansi pa denga lofiira n'kusandutsa nyumba golosale. Masitolo a pa Jenda akavala kufiira kwa Airtel kapena kubiriwira kwa TNM amakhala akuitana wodutsa pa M1. Nanga nyumba yogona ikuitana yani?

Kenako ndimayang'ana pansi. Kuyambira Ogasiti, nyengo ya mwambo wa Umthetho ku phiri la Hora, mpaka mvula itagwa, fumbi lofiira limamatirira paliponse. Mvula ikayamba, madzi a padenga amathovukira kukhoma ndi matope. N'chifukwa chake lamba wa m'munsi, wotalika ngati theka la mita, ayenera kufanana ndi dothi la pabwalo panu, ndipo akhale penti wotheka kutsuka. Izi si zachilendo: amayi akumudzi pozira nyumba amadetsa m'munsi mwa khoma ndi mtsiro wakuda, pa chifukwa chomwechi. Woyera pamenepo ndi ndalama yotaya.

Dzuwa nalo lili ndi mbali yake. Mzimba ili pamtunda wopitirira mamita 1,000, ndipo dzuwa la pamtunda limasukulutsa penti msanga. Wofiira wowala ndi wachikasu wowala ndiwo amayamba kufwifwa. Mitundu yonga dothi, monga wabulawuni ndi wofiira ngati njerwa, imapirira chifukwa utoto wake ndi wa dzimbiri la chitsulo, lomwe dzuwa silitha kuliwononga msanga. Wakuda bii umakoka kutentha, moti chitseko cha paini wa ku Chikangawa wosauma bwino chimang'aluka kapena kupindika. Thabwa liyambe lauma, lilandire penti woyambira, kenako wamafuta. Mafelemu achitsulo ayambe ndi red oxide. Pulasitala watsopano mumpatse masabata anayi, apo ayi simenti idya penti.

Za kuchuluka, lamulo lathu ndi la 60, 30 ndi 10: gawo lalikulu mtundu wa khoma, lotsatira denga ndi lamba, laling'ono mtundu wokopa maso wa pa zitseko ndi mafelemu. Uli ngati mchere m'ndiwo. Mitundu ikapitirira itatu, ine ndimakana ntchito mwaulemu.

Foni imanama, tchati nachonso chimaoneka china m'sitolo, china padzuwa. Inu muli ku Joni, musatumize ndalama ya zidebe zonse nthawi imodzi. Uzani mmisiri agule kachitini ka lita imodzi, apake kachigawo pafupi ndi chitseko, ndipo wachibale amene mumam'khulupirira akakaone m'mawa ndi madzulo musanavomereze.